Kuwerenga timizere ta mainchesi pa rula ndi pa tepi

Mwana wa mchemwali wanga atabwera kudzaphunzira ukalipentala pa shedi yanga kuno ku Salima, anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndipo masamu ankawakhoza ndithu. Tsiku lachiwiri ndinamupatsa tepi kuti andiyezere kukhuthala kwa thabwa la mlombwa limene tinkafuna kupangira tebulo. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi n'kunena kuti, "Amalume, ndi 1.5." Nditamufunsa mmene waipezera, anati wadutsa nambala 1 kenako wawerenga timizere tisanu. Kusukulu anazolowera masentimita, kumene timizere tisanu timakwana theka. Koma iye anali atagwira mbali ya mainchesi, ndipo kumeneko timizere tisanu sitifika n'komwe pa theka. Thabwalo linali 1 5/16.

Sindinamuone ngati wolakwa. Ana athu kusukulu amaphunzira mamita ndi masentimita, koma akatuluka amapeza kuti amisiri akuyezabe mwa kale. Mukapita kogula matabwa pa Kamuzu Road mudzamva za 2x4 ndi 2x6. Misomali timati ya mainchesi atatu kapena anayi, malata timagula potchula mafiti, pulambala amafuna paipi ya hafu inchi, telala akakuyezani m'chiuno amalemba 32 kapena 34. Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka pogula matchera amafunsa kukula kwa maso ake m'mainchesi, ndipo ngakhale tayala la njinga ya kabaza lija analemba 28 x 1½. Miyezo imeneyi inabwera ndi Angerezi dziko lino likadali Nyasaland, ndipo inakhazikika m'manja mwa anthu a ntchito. Ndimamva chisoni ndikaona mnyamata wanzeru akuopa tepi, n'kumangonena kuti "faifi ndi timizere titatu," chonsecho nkhaniyi munthu angaimvetse madzulo amodzi.

Chinsinsi chake n'chimodzi. Inchi saigawa pakhumi. Amaidula pakati, zidutswazo n'kuzidulanso pakati, n'kubwerezanso, mpaka kanayi. Timizere tonse tothithikana tija tinabadwa choncho, ndipo kutalika kwa kamzere kalikonse kumakuuzani dzina lake.

Dziwani kaye mbali imene mwagwira

Rula ya ana asukulu kawirikawiri imakhala ndi mbali ziwiri. Mbali ina manambala ake ndi oyandikana ndipo amafika pa 30; amenewo ndi masentimita. Mbali inayo manambala ndi otalikirana, amathera pa 12. Amenewo ndiwo mainchesi, ndipo pafupi ndi poyambira pamakhala palembedwa "inch" kapena "in". Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, kapena kuti masentimita 2.54. Muyezo umenewu mayiko monga Britain ndi United States anagwirizana mu 1959, ndiye inchi ya pa rula ya ku Salima ndi yomweyo ya ku London. Kuti muikumbukire ndi maso, yang'anani chala chanu chachikulu pa mfundo paja: kwa munthu wamkulu, m'lifupi mwake mumayandikira inchi.

Atelala ndi amayi osoka pakhomo, tepi yatsopano muziiyesa musanaikhulupirire. Matepi ena ochokera ku China ali ndi muyezo wa kwawoko, wooneka ngati inchi koma wokulirapo: itatu imakwana masentimita 10. Ikani tepiyo pambali pa rula ya masentimita, muone pamene 10 wake wagwera. Ngati ndi inchi yeniyeni, agwera pa masentimita 25 ndi kakang'ono. Akagwera cha pa 33, imeneyo si inchi. Njira ina yachangu ndi kuona kumapeto: tepi yeniyeni yautelala imathera cha pa 60, pamene inayo imathera pa 45. Munthu amene tepi yotereyi yamuyeza 30 m'chiuno, ndi wa mainchesi 39 ndi kupitirira, ndipo mukamugulira thalauza ya 30 sadzaikwana.

Pezani poyambira

Marula ambiri apulasitiki ndi amtengo sayambira m'mphepete penipeni. Pamakhala kampata kopanda kanthu, kenako mzere wa ziro. Rula yachitsulo ndiyo kawirikawiri imayambira pansonga. Choncho musangogunditsa rula kumapeto kwa chinthu. Yang'anani mzere woyamba, ndipo ndi umenewo muulinganize ndi m'mphepete mwa chimene mukuyeza.

Werengani mipata ya mu inchi imodzi

Sankhani inchi imodzi yokha, tiyerekeze kuchokera pa 2 kufika pa 3, zina zonse muziiwale. Tengani pensulo yosongoka, muwerenge mipata yonse ili pakati pa manambala awiriwo. Ndikuti mipata, osati mizere. Zala za dzanja limodzi ndi zisanu koma mipata yake ndi inayi, ndipo pa rula chimene chili ndi utali ndi mpata. Mzere ndi malire chabe. Mzere wa pa 2 suwerengedwa, chifukwa pamenepo simunayende n'komwe.

Marula ndi matepi ambiri a ukalipentala mupeza mipata 16. Tepi yautelala nthawi zambiri ili ndi 8. Marula ena achitsulo ali ndi mipata 32 m'mainchesi oyambirira, ndipo ilipo ina yogawa pakhumi imene amagwiritsa ntchito ojambula mapulani ndi a m'mashini. Nambala imene mwapezayo ndiyo imakhala pansi pa fulakishoni. Ngati mipata ndi 16, mpata umodzi ndi 1/16. Ngati ndi 8, mpata umodzi ndi 1/8. Pano ndilongosola ya 16, chifukwa mukaidziwa imeneyi, ya 8 mwaidziwa kale.

Mizere ili ndi mibadwo

Apa m'pamene ndimafuna mudekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Bweretsani rula pafupi ndi maso, pamalo owala. Muona kuti mizere ija si yofanana kutalika. Ine ndimaphunzitsa anyamata anga kuiona ngati banja.

Mizere yaitali kwambiri, yokhala ndi manambala, ndiwo mainchesi athunthu. Amenewo ndi malire a mudzi.

Pakatikati penipeni pa manambala awiri pali mzere umodzi woposa anzake onse otsala. Ameneyo ndi agogo, ndipo dzina lake ndi hafu, 1/2. Ali yekha.

Kumanzere kwa agogo, pakati pa iwo ndi nambala, pali mzere wofupikirapo, ndipo kumanja kulinso wina wofanana naye. Awiriwa ndi ana, makota. Wakumanzere ndi kota, 1/4. Wakumanja ndi makota atatu, 3/4, amene ku ntchito timangoti firii kota. Mungafunse kuti nanga 2/4 ali kuti. Alipo, koma waima pamalo a agogo, ndipo pamenepo timatchula dzina lalikulu, hafu.

Kenako zidzukulu, zinayi, zofupikirapo kuposa makota. Izi ndi 1/8, 3/8, 5/8 ndi 7/8. Chilichonse chili pakati pa mizere iwiri yaikulu kuposa icho.

Pomaliza timizere tatifupi kwambiri, tisanu ndi titatu, zidzukulutudzi: 1/16, 3/16, 5/16, 7/16, 9/16, 11/16, 13/16 ndi 15/16.

Phatikizani: mmodzi, awiri, anayi, asanu ndi atatu. Mizere 15 pakati pa manambala awiri, imene ikupanga mipata 16. Onaninso kuti nambala yapamwamba nthawi zonse ndi yosagawika pawiri: 1, 3, 5, 7 ndi kupitirira. Mukapeza mwalemba 4/16 kapena 6/8, simunalakwe muyezo, koma mwaitana munthu wamkulu ndi dzina laubwana. Gawani manambala onse awiri pawiri mpaka yapamwamba ikane: 4/16 ndi 2/8, ndiye 1/4, 6/8 ndi 3/4, 10/16 ndi 5/8, 8/16 ndi hafu. Wogulitsa mabawuti mukamuuza 6/16 aima kaye kuganiza, koma mukati 3/8 atambasula dzanja pa shelefu nthawi yomweyo.

Kuyambira kumanzere kupita kumanja, ndondomeko yonse ndi iyi: 1/16, 1/8, 3/16, 1/4, 5/16, 3/8, 7/16, 1/2, 9/16, 5/8, 11/16, 3/4, 13/16, 7/8, 15/16, kenako inchi yotsatira.

Sindikulangizani kuloweza ndondomekoyi ngati ndakatulo. Pangani nokha inchi yaikulu. Ng'ambani pepala la m'kope, mulipinde pakati, mulitambasule, n'kujambula mzere wautali popindikapo, mulembe 1/2. Lipindeninso pakati kawiri. Pabwera mikwingwirima iwiri yatsopano, muijambule yofupikirapo, mulembe 1/4 ndi 3/4. Pindani katatu, mulembe zidzukulu. Pindani kanayi, mulembe zidzukulutudzi. Mwana wa mchemwali wanga uja atachita zimenezi anaseka yekha n'kunena kuti, "Amalume, ndiye kuti n'kungopinda basi?" Pepalalo analikhoma pa mzati wa shedi, ndipo patatha sabata sankaliyang'ananso.

Tsopano yezani chinthu

Ikani ziro m'mphepete mwa chinthu. Pitani kumapeto kwinako, ndipo funso loyamba likhale lakuti: nambala yathunthu yomaliza imene ndadutsa ndi iti? Nthawi zonse ndi ya kumanzere kwa pamene chinthucho chathera, ngakhale chitayandikira kwambiri ya kumanja. Chinthu chotsala pang'ono kufika pa 6 chikadali cha 5. Lembani 5.

Funso lachiwiri: chathera pa mzere wa m'badwo uti? Pali njira ziwiri zopezera yankho. Yoyamba, ya ophunzira, ndi kuwerenga mipata yonse kuchokera pa nambala ija. Mukapeza 6, ndiye 6/16, mukachepetsa ndi 3/8, ndipo muyezo wonse ndi 5 3/8. Njirayi sinama, koma imachedwetsa, ndipo maso akatopa munthu amalumpha kamzere osadziwa.

Yachiwiri ndiyo ya amisiri. Musayambire kutali. Funani mzere waukulu umene uli pafupi, muyambire pamenepo. Tiyerekeze thabwa lathera kamzere kamodzi kupitirira hafu. Hafu ndi 8/16, kuonjeza kamodzi ndi 9/16. Lina lathera kamzere kamodzi lisanafike pa firii kota: firii kota ndi 12/16, kuchotsa kamodzi ndi 11/16. Lina latsala kamzere kamodzi kuti lifike pa 8: limenelo ndi 7 15/16. Mukasunga m'mutu manambala atatu okha, kuti kota ndi 4, hafu ndi 8, firii kota ndi 12, palibe kamzere kamene kali kutali ndi inu kuposa masitepe awiri.

Muyezo wa mnyamata uja tiubwereze mwa njira imeneyi. Thabwa linadutsa 1, linadutsanso kota, n'kuthera pa kamzere kakafupi kotsatira. Kota ndi 4, kuonjeza kamodzi ndi 5, ndiye 1 5/16. Akanandipalira miyendo ya tebulo poganiza kuti thabwalo ndi inchi ndi hafu, zolumikiza zonse zikanasemphana ndi 3/16, umene ndi mpata woti chala cha mwana chikhoza kuumva.

Chinthu chikathera pakati pa timizere tiwiri, tengani kamene kayandikira. Kamzere kamodzi ka 1/16 ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka, ndipo pa mapaso a denga kapena pa nsalu zimenezo sizioneka. Pa kabati, pa dirowa, pa felemu ya galasi, m'pamene ndimalemba kachizindikiro ka + kapena − pambali pa muyezo kuti ndikumbuke kuti unapitirira kapena kuperewera pang'ono.

Kalembedwe kake, ndi msampha wa chitseko

Timikwasa tiwiri pamwamba pa nambala ndi mainchesi: 5" ndi mainchesi asanu. Kamodzi ndi mafiti: 5' ndi mafiti asanu. Fiti imodzi ndi mainchesi 12, kutalika kwa rula yonse ija, ndipo mafiti atatu, kapena mainchesi 36, ndi yadi imodzi, imene imaperewera pang'ono pa mita, chifukwa ndi masentimita 91.44.

Chitseko chodziwika cha nyumba chimakhala 6' 8" m'litali ndi 2' 8" m'lifupi. Munthu wosazolowera akaona 2' 8" amawerenga 28. Ayi. Mafiti awiri ndi mainchesi 24, kuonjeza 8, ndi 32. Chimodzimodzi 6' 8" ndi 72 kuonjeza 8, mainchesi 80. Amene wamanga khomo la mainchesi 28 akadzabwera ndi chitseko cha 32 ayenera kugumula khoma. Pa tepi yachitsulo mafiti amalembedwa ndi 1F, 2F, 3F, kawirikawiri ndi mtundu wina, pa 12, 24 ndi 36, ndipo matepi ena akadutsa fiti amayambanso kuwerenga timanambala tating'ono kuchokera pa 1 pambali pa manambala aakulu. Manambala ofiira a pa 16, 32 ndi 48 asakusokonezeni. Amenewo ndi a amisiri a ku America, amene amaimika mitengo ya m'khoma motalikirana mainchesi 16.

Polemba siyani mpata woonekera pakati pa nambala yathunthu ndi fulakishoni. 1 1/2 yolembedwa mothithikana pa chidutswa cha thabwa imaoneka ngati 11/2 kapena 11/12, ndipo wodula samabwera kudzafunsa. Ine ndimaika kamzere pakati, 1-1/2, makamaka ndikamatumiza muyezo pa WhatsApp. Kumbukiraninso kuti 2.5 ndi 2 1/2, osati 2 5/8 kapena 2 5/16.

Kuika chizindikiro ndi kudula

Kuwerenga bwino sikuthandiza ngati pensulo yagwera pena. Diso likhale pamwamba penipeni pa mzere. Rula yamtengo ndi yokhuthala, ndiye mukaiyang'ana chammbali mzere umaoneka ngati wasuntha. Iimikeni chammbali kuti timizere tikhudze thabwa. Pensulo ikhale yosongoka, ndipo m'malo mwa kadontho jambulani ka V kamene nsonga yake ili pa muyezo, kenako mukoke mzere ndi sikweya. Sowo nayo imadya thabwa, ina 1/16, ya magetsi mpaka 1/8. Dulani kumbali yotaya, mzere wa pensulo utsale pa chidutswa chimene mukufuna. N'chifukwa chakenso simuyenera kulemberatu zidutswa zisanu pa thabwa limodzi n'kudula zonse. Yezani chimodzi, dulani, yezani china.

Kachitsulo kokola ka kunsonga ya tepi kamagwedera pang'ono. Ndaonapo anthu akukakhoma ndi hamala kuti kalimbe, poganiza kuti tepi yawonongeka. Musatero. Anakapanga dala kuti kaziyenda mofanana ndi kukhuthala kwake: mukakola kunja kwa thabwa kamatuluka, mukagunditsa mkati mwa felemu kamalowa, ndipo muyezo umakhala woona mbali zonse. Chimene chimawononga tepi ndi kuisiya ibwerere mwamphamvu n'kumenya, chifukwa kachitsuloko kamapindika ndipo timabowo take timakula.

Rula ikadyeka kunsonga, kapena mukafuna muyezo wosamala kwambiri, yambirani pa 1 m'malo mwa ziro. Koma pamenepa pali ngozi imene inandigwera ine ndikadali wophunzira. Bambo amene ankandiphunzitsa ntchito anandiuza kuti ndidule mitanda inayi ya mbawa ya mainchesi 24. Ndinaika 1 m'mphepete, n'kulemba pa 24, n'kudula yonse inayi. Inatuluka ya 23. Thabwa limenelo linali la mwini ntchito, ndipo linali lomaliza. Bambowo anayeza mtanda umodzi, n'kundiyang'ana, n'kuti, "Mwana wanga, inchi wabwereka ija sunabweze." Tinakagula thabwa lina ndi ndalama ya m'thumba mwawo, ndipo mpaka lero zimandikhudza ndikakumbuka. Lamulo lake ndi ili: mukayambira pa 1, poyeza chinthu chotsani inchi imodzi pa zimene mwawerenga, ndipo polemba podula onjezerani imodzi. Ndinayenera kulemba pa 25. Masiku ano pa ntchito zazitali ndimayambira pa 10, chifukwa ndikaiwala, kusiyana kwa mainchesi 10 kumaonekera ndisanagwire sowo.

Masamu ochepa amene simungawathawe

Kupeza pakati pa thabwa n'kumene kumabwera tsiku lililonse. Theka la fulakishoni mumalipeza pochulukitsa kawiri nambala yapansi, yapamwamba osaikhudza: theka la 1/2 ndi 1/4, theka la 3/4 ndi 3/8, theka la 5/8 ndi 5/16. Thabwa la 6 3/4 pakati pake ndi 3 3/8. Nambala yathunthu ikakhala yosagawika pawiri, monga 7 3/4, theka la 7 ndi 3 1/2, theka la 3/4 ndi 3/8. Hafu ija ndi 4/8, ndiye pamodzi 3 7/8. Ngati mutu watopa, pendeketsani rula pathabwapo mpaka ziro akhale m'mphepete muno ndipo 8 akhale m'mphepete inayo, mulembe pa 4. Pamenepo ndi pakati ndendende, popanda kuwerengera.

Pophatikiza, sandutsani onse akhale a m'badwo umodzi, wa wamng'ono uja. Thabwa la 3/4 mukalimata ndi la 5/8, firii kota ndi 6/8, kuonjeza 5/8 ndi 11/8, ndiye inchi yathunthu ndi 3/8. Msomali kapena sikuluwu yolumikiza awiriwa iyenera kuchepera 1 3/8 kuti isatulukire kuseri. Rula yomweyo ikhoza kukuwerengerani: ikani chala pa 3/4, muyende mipata 10 ya 1/16 kupita kumanja, muona mwafika pa 1 3/8.

Kuchotsera nako n'chimodzimodzi. Malo a galasi pa felemu ya zenera akakhala 23 5/8, galasilo lisadulidwe 23 5/8, chifukwa thabwa limafufuma nthawi ya dzinja, makamaka kuno kunyanja kumene chinyezi n'chambiri, ndipo galasi lothina limasweka. Chotsani 1/8, mukauze wodula magalasi 23 1/2. Telala amachita mosemphana: amaonjezera hafu inchi kapena 5/8 mbali iliyonse yosoka, kuti msoko usadye muyezo wa munthu.

Pamene dzina silifanana ndi muyezo

Mukayamba kuyeza chilichonse, mudzakumana ndi zinthu zooneka ngati zikutsutsana ndi rula yanu. Paipi ya madzi ya hafu inchi mukaiyeza kunja mupeza pafupifupi 13/16, mamilimita 21. Dzinalo likunena za bowo la mkati, ndipo nalonso mongoyandikira. Pogula zolumikizira tengani kachidutswa ka paipiyo, kapena tchulani dzina lake, osati zimene mwayeza kunja. Thabwa la 2x4 limatchedwa choncho pochoka kocheka, ndipo likauma n'kupalidwa limachepa. Ocheka ndi manja nawonso sadula mofanana, ndiye yezani thabwa lililonse musanalipire. TV ya mainchesi 32 amaiyeza chopingasa, kuchokera pa kona ya pansi kufika pa kona ya pamwamba ya mbali inayo, choncho shelefu yake musaipange potengera nambalayo. Diso la ukonde amaliyeza atalikoka mpaka litatsekeka, kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo yoyang'anizana nayo. Mukaliyeza lili chotseguka mupeza nambala yochepa.

Kusandutsa kukhala mamilimita

Nthawi zina pulani imabwera m'mamilimita pamene katundu akugulitsidwa m'mainchesi. Pa foni gawani nambala yapamwamba ndi yapansi, onjezerani yathunthu, muchulukitse ndi 25.4. Mwachitsanzo 2 5/8: 5 kugawa ndi 8 ndi 0.625, ndiye 2.625 kuchulukitsa ndi 25.4, mamilimita 66.7. Ochepa awa ndi ofunika kuwasunga pamtima: 1/8 ndi pafupifupi mamilimita 3, kota ndi 6 ndi kakang'ono, 3/8 ndi 9.5, hafu ndi 12.7, 5/8 ndi pafupifupi 16, firii kota ndi 19. Pulayiwudi ya mafiti 8 ndi 4 ndi yomweyo imene ena amalemba 2440 ndi 1220. Amakaniko amadziwa kuti sipanala ya mamilimita 19 imagwira bwino nati imene m'lifupi mwake ndi firii kota, koma ya 13 pa nati imene m'lifupi mwake ndi hafu inchi imagwedera pang'ono, ndipo nati yolimba mukaikakamiza nayo imadyeka makona.

Chimene sindilola pa shedi yanga ndi kusakaniza. Ntchito ikayamba m'mainchesi ithere m'mainchesi, ndipo onse ogwira ntchito imodzi ayezere tepi imodzi, kapena alinganize matepi awo pa thabwa limodzi m'mawa asanayambe.

Kuti mudziyese nokha usiku uno, tengani zinthu ziwiri zimene muyezo wake ndi wofanana kulikonse. Khadi ya ku banki iyenera kukupatsani 3 3/8 m'litali ndi 2 1/8 m'lifupi. Pepala la A4, lija amasindikizira makalata, m'lifupi ndi 8 1/4, ndipo m'litali ndi 11 11/16, kamzere kamodzi musanafike pa firii kota. Lembani kaye zimene mwapeza musanayang'ane manambala angawa. Mukasemphana nawo ndi kamzere kamodzi, mwina mwawerenga mzere wa pa nambala ngati woyamba. Mukasemphana ndi 1/8 kapena kuposa pa zonse ziwiri, yang'anani ziro wanu.